Nyanga ya Ng'ombe ndi Tsiku la Madzi

Pa sukulu yathu ya sekondale panali nyanga ya ng'ombe. Osati ya mankhwala ayi, nyanga yeniyeni, yomwe wina anakatola kumene amaphera ng'ombe ku Chilumba, n'kuiboola ndi msomali wamoto, n'kulowetsamo chingwe cha khonje. Ukagwidwa ukulankhula Chitumbuka, Chinkhonde kapena Chichewa pa sukulupo, umaivala m'khosi. Kuyambira pamenepo ntchito yako inali kutchera khutu kuti umve wina akulakwa ngati iwe, um'patsire. Amene belu lomaliza lam'peza nayo ndiye ankatsala pa chibalo maola awiri, anzake akupita kwawo. Inkanunkha nyanga imeneyo. Mpaka lero ndikadutsa pa butchala dzuwa lili pamutu, ndimangopezeka ndagwira pakhosi.

Ine ndinafika fomu fili ndisanaivalepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo kunyada kwake, mukanandiona mukanalakalaka kundiwomba khofi. Chizungu ndinkachitha, ndisaname. Bambo anga anachokera ku Mangochi n'kudzatsegula golosale m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo ankagula nyuzipepala zakale zokulungira sopo ndi mchere. Tsamba lililonse ndinkayamba ndaliwerenga ndisanakulungire kanthu, wogula ali chilili, mayi akundikalipira kuseri kwa kauntala. Nkhani zambiri ndinkazidziwa theka, chifukwa theka linalo linali litapita kale ndi sopo wa munthu wina. Koma mawu ankatsalira m'mutu, ndipo ndikafika nawo m'kalasi ndinkawamwaza mosaumira.

Masamu ndiye anali manda anga. Anzanga ankandiseka kuti mwana wa m'golosale wamtundu wanji wothawa manambala. Ndikaona ekisi ndi wayi pa bolodi ndinkangosokonezeka. Ndinkakopera zonse mwaukhondo, mizere yowongoka ndi rula, mitu yake ndi cholembera chofiira, koma osamvapo kanthu. Kope langa la masamu linali lokongola kuposa la aliyense m'kalasi, ndipo linali lodzaza ndi mitanda.

Amene anandipulumutsa ndi mtsikana yemwe ndinkakhala naye desiki limodzi kuyambira fomu wanu. Dzina lake ndilisunga. Ankachokera ku Hara, ku sikimu ya mpunga, wapansi, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba waima pa mjigo wa sukulu kutsuka matope m'miyendo asanavale nsapato zomwe ankanyamula m'jumbo. Anali wamfupi, wamapewa otambalala, wosakonda zolongolola. Pa Chizungu ankakhala ngati am'manga lilime. Koma mukam'patsa samu ankangoiyang'ana pang'ono, kuluma kunsonga kwa pensulo, basi yankho latuluka.

Aphunzitsi athu a Chizungu anali mayi wamtali, woyenda ndi ambulera yakuda, ndipo m'zaka zinayi sindinawaonepo akutuluka thukuta, ku Karonga kuno kumene ngakhale abuluzi amathawira pamthunzi. Buku lowerenga linali limodzi pa anthu asanu ndi mmodzi, ndiye tinkaunjikana mitu pamodzi, wina akuwerenga chozondoka. Iwo ankawerenga mokweza akuyenda pakati pa madesiki, malata akuthetheka ndi dzuwa, ndipo akafika pokoma penipeni ankatseka buku n'kunena kuti zotsalazo mawa. Kalasi yonse inkabuula. Ndinkawakonda mayi amenewo. Ndinkatsanzira mayendedwe awo, ndipo kunyumba ndinkayesera kugwira ambulera ya bambo momwe iwo ankagwirira yawo. Nyanga ija anaiyambitsa ndi iwowo. Ankati mayeso a boma sadzatifunsa m'Chitumbuka, ndipo pamenepo sankanama.

Akatipatsa chimangirizo cha ulendo womwe sitidzaiwala, tonse tinkapita ku Mzuzu papepala, ngakhale ambiri tinali tisanadutsepo pa Chiweta. Tinkakwera mabasi okongola, kudya m'mahotela, kukumana ndi amalume olemera omwe kunalibe. Mnzanga yekha ndiye ankalemba zoona, mizere isanu ndi umodzi: anapita ku Sangilo kukapereka ufa kwa bambo ake, anawapeza, anabwerako. Ine ndinkatenga kope lakelo n'kuwonjezeramo mphepo, mafunde ndi mantha mpaka tsamba lidzaze. Iye ankawerenga ali gwa, n'kunena kuti mafunde kunalibe tsiku limenelo.

Aphunzitsi a masamu anali bambo wamfupi wadazi, obwera pa njinga, mwendo wa buluku atautsina ndi pegi yoyanikira zovala, yomwe ankaiwala kuchotsa mpaka piriyodi yachitatu. Kampasi yaikulu ya pa bolodi inathyoka ife tisanabwere, ndiye akafuna kujambula chozungulira ankamasula chingwe cha nsapato yawo, kumangirira choko, chala chachikulu pa bolodi, n'kuzunguliza kamodzi kokha. Phunziro lonse ankalimaliza nsapato imodzi ili yasa. Nyanga ankadana nayo koma osanena poyera. Akamva manong'onong'o a Chitumbuka kumbuyo ankatembenukira ku bolodi n'kunena m'Chizungu kuti makutu awo amamva manambala okha.

M'manong'onong'o amenewo ndi momwe ndinaphunzirira masamu. Ndikukumbuka samu ya khola: muli ng'ombe ndi nkhuku, mitu khumi, miyendo makumi awiri ndi isanu ndi itatu, ng'ombe zilimo zingati? Ine ndinali nditalemba kale ekisi ndi wayi, n'kumangowayang'ana ngati alendo osawadziwa. Mnzanga anandigunda ndi chigongono.

"Wona apa," anatero m'Chitumbuka, mutu uli pansi. "Uza nyama zonse zikweze miyendo iwiri m'mwamba. Nkhuku zikhala pansi, si choncho? Yoponda pansi yatsala ingati?"

"Isanu ndi itatu."

"Ndi ya ndani?"

"Ya ng'ombe."

"Iliyonse yaima ndi iwiri. Ndiye zilipo zingati?"

Ndinaseka mpaka misozi poganiza za ng'ombe zinayi zitaimirira ngati anthu pakati pa nkhuku zokhala pansi. Kenako anandionetsa kuti kukweza miyendo kuja n'chimodzimodzi kuchotsera mzere wapamwamba ku mzere wapansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ekisi ndi wayi anandipatsa moni. Pomaliza ankafunsa liwu limodzi lokha, "Wapulika?" Ndikanama kuti ndamva ankadziwa, n'kuyambiranso. Sankalola kudumpha sitepe, ngakhale yaing'ono.

Tsono kuti mumvetse zomwe ndinachita, muyenera kudziwa za madzi a ku Hara. Mpunga wa chilimwe umadalira ngalande, ndipo madzi sakwanira onse tsiku limodzi. Amagawana: mzere uwu wa maploti lero, mzere uwo mawa, mpaka sabata izungulire. Tsiku lanu likafika mumayenera kukhalapo ndi khasu, kugumula dothi pakhomo pa ploti kuti madzi alowe, kuimirira pomwepo kuti wakumtunda asakutsekereni, n'kutsekanso akadzaza. Mukapanda kubwera palibe wokutsegulirani, poti aliyense ali kalikiliki ndi ploti yake, ndipo madzi amapitirira kwa wotsatira. Kwa mnzangayo tsiku lawo linali Lachinayi masana.

Bambo ake ankakhala ku Sangilo pa ntchito ya usodzi, kubwera kunyumba mwa apo ndi apo. Mayi ake msana unawavuta chibadwire mwana womaliza, ndipo abale ake onse anali ang'onoang'ono. Khasu la Lachinayi linali lake. Pangano ndi bambo ake linali lakuti sukulu apite, koma tsiku la madzi asaphonye. Chakumayambiriro kwa chilimwe, tili fomu fili, anaphonya kamodzi, nyanga itam'peza pa belu lomaliza. Mpunga unapirira chifukwa dzuwa linali lisanakwiye. Bambo ake anabwera kuchokera kunyanja n'kumuuza kuti zikadzachitikanso, sukulu yathera pomwepo. Mnzangayo anandiuza yekha zimenezi, tikudya mango osapsa ndi mchere kutsidya kwa msewu, kumene lamulo la nyanga silinkafika. Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse sankatsegula pakamwa pa sukulu, m'chilankhulo chilichonse. Kalasi yonse inkadziwa kuti Lachinayi uyu ndi mwala.

Mwezi wa Okutobala, amadamu a Chizungu anasankha anthu atatu okaimira sukulu pa mpikisano wa mtsutso ku boma, Loweruka. Ine ndinali woyamba kutchulidwa. Ndinali ndisanalankhulepo pamaso pa masukulu ena, ndipo bambo anali atauza kale aliyense wobwera kudzagula machesi kuti mwana wawo akupita kukalankhula Chizungu ku Karonga. Mayi anachapa yunifomu yanga kawiri. Lamulo linali limodzi: aliyense mwa atatufe amene belu lomaliza lim'peze ndi nyanga sabata imeneyo, atsala, papita wina.

Lachinayi lake kunatentha moti choko chinkaterera m'zala. Tikudikira piriyodi yomaliza, mavu omwe anamanga chisa ku denga anasokonezeka, limodzi n'kundiluma kuseri kwa khutu. Ndinakuwa, "Mayo ine!" Mnyamata yemwe anavutika ndi nyanga kuyambira m'mawa anadumpha madesiki awiri kudzandiveka, mano onse ali pamtunda. Ndinatsutsa kuti kulira si kulankhula. Kalasi yonse inakana, ndipo ndikuvomereza, ambiri anali atadikira tsiku limeneli zaka zitatu.

Piriyodi yomaliza inali ya masamu. Aphunzitsi analemba samu zisanu pa bolodi, zopeza kutalika kwa mtengo pogwiritsa ntchito mthunzi wake, kenako anaitanidwa ku ofesi ya ahedi. Ndinayang'ana uku ndi uku. Anthu onse anali atasoka milomo, ena akundiyang'ana n'kumaseka ndi maso. Khutu linkawawa, nyanga ikununkha pachifuwa, ndipo m'mutu munali bambo anga okha, ndi makasitomala awo onse omwe adzafunse Lolemba kuti zinayenda bwanji ku boma.

Panali mwambo wina womwe sunalembedwe paliponse. Nyanga ikakhala pakhosi pa mnzako weniweni, ndiye kuti tsiku limenelo wapulumuka, chifukwa mnzako sangakupatsire. Anthu ankanong'onezana momasuka pafupi ndi mnzawo wovala nyanga. Ine ndinkaudziwa mwambo umenewu, ndipo ndinkadziwa kuti naye akuudziwa.

Ndinasunthira kope langa kwa iye n'kuloza samu yachitatu. Anatenga pensulo n'kulemba masitepe onse osalankhula. Ndinapukusa mutu. Anajambula mtengo ndi mthunzi wake, n'kuloza ngodya. Ndinapukusanso mutu. Samuyo sindinkaimva ndithu, koma si chifukwa chake ndinkapukusa. Ananong'ona mawu atatu a Chizungu, othyokathyoka, n'kukakamira pa liwu lachinayi. Ine, m'Chizungu changa chosalala chija, ndinamuuza kuti sindikumva chilichonse, ndipo ndilephera mayeso. Anayang'ana kukhomo. Anayang'ana nyanga pachifuwa panga. Kenako anasendera pafupi.

"Wona apa, munyane. Khuni ni ili."

Anafotokoza zonse m'Chitumbuka, pang'onopang'ono, chala chikuyenda kuchokera kunsonga ya mthunzi kukwera mpaka pamwamba pa khunilo, mtengo uja. Ndinam'siya alankhule mpaka a desiki lakumbuyo amve, kuti pakhale mboni. Ndiye ndinaimirira n'kuvula nyanga.

Sanadzidzimuke momwe ndinkayembekezera. Anakweza dzanja kuti ndidikire, anamaliza mzere womwe anali kulemba, n'kudula yankho mizere iwiri kunsi ndi rula. Atatero anaweramitsa mutu, ine n'kumuveka. Panatsala mphindi makumi awiri kuti belu lilire, ndipo akanatha kusaka wina, koma sanayese n'komwe. Anatembenukira ku kope lake n'kuyamba samu yachinayi.

Belu litalira anapita kwa amadamu kukapempha kuti chibalo achite mawa. Ndinali pomwepo, poti atatu a mtsutso tinali titaitanidwa kukayeserera. Anavutika kulumikiza mawu, akutchula madzi, mpunga, bambo ake. Amadamu anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha mofatsa kuti lamulo likapindikira mmodzi ndiye lathyokera onse. Sindikhulupirira kuti anamvetsa zomwe ankauzidwa. Ine ndinkamvetsa, ndipo Chizungu chofotokozera ndinali nacho chokwanira. Koma ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Chibalo cha chilimwe chinali kuthirira timitengo tomwe sukulu inabzala m'mbali mwa bwalo la mpira. Tikuyeserera mtsutso ndinkamuona pawindo, chidebe pamutu, kuchoka pa mjigo kupita ku timitengo, kubwerera, kupitanso, nyanga ikugundagunda pachifuwa. Njinga ya bambo inali panja. Ganizo linandifikira loti ndithamangire ku Hara ndikatsegule madziwo ndekha. Ndinadziuza kuti ploti yawo sindikuidziwa, khasu ndilibe, ndipo amadamu sangandilole. Zonsezi zinali zoona, ndipo ndinakondwa kuti zinali zoona.

Loweruka tinapita ku boma pa lole, titakhala pa mabenchi a sukulu, tikuimba njira yonse. Ndinalankhula bwino, anthu anawomba m'manja, tinadya tchipisi cha m'jumbo pafupi ndi depoti, ndipo amadamu anandigwira paphewa. Ndikanakonda kunena kuti mtima unkandivuta, koma ayi, ndinasangalala tsiku lonse. Za mnzanga ndinazikumbuka pobwerera, lole itadutsa pa mphambano ya ku Hara.

Lolemba mbali yake ya desiki inali yopanda munthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu aphunzitsi a masamu anagawa makope omwe anachonga, n'kutsala ndi limodzi m'manja. Titaweruka anandiitana pansi pa mtengo wa mango pomwe ankaimika njinga, ndipo kwa nthawi yoyamba anandilankhula m'Chichewa, pa sukulu pomwepo.

"Mnzako ali kuti?"

"Sindikudziwa, sala."

"Nyanga ija inachoka pakhosi pa ndani?"

Sanandikalipire. Anandipatsa kopelo n'kunena kuti mwini wake wakhoza zonse zisanu, ndipo ayenera kuona yekha. Anawerama n'kutsina buluku ndi pegi, n'kukwera njinga.

Ndinapalasa kupita ku Hara masana omwewo, ndikufunsa njira. Ploti yawo sinali yovuta kuipeza. Pakati pa maploti obiriwira panali imodzi yachikasu, dothi litang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Bambo ake anali atakhala pa kamzere ka dothi kolekanitsa maploti, chipewa chili pabondo. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Ndinkayembekezera munthu waukali, koma ndinapeza bambo wotopa, wamaso ofiira ndi mphepo ya panyanja. Ndinayamba kufotokoza kuti cholakwa chinali changa.

"Mwana wanga," anandidula mofatsa, "za kusukulu kwanuko ine sindizidziwa. Ndikudziwa kuti mpunga uwu ndi umene ana anga akanadya mpaka mvula. Tinapangana ndi mnzakoyo. Ine sindingakhale kunyanja ndi kuno nthawi imodzi."

Mnzanga anali kumapeto kwa ploti, akuzula mapesi omwe anaferatu. Ndinam'patsa kope. Anapukuta manja pachitenje, anatsegula, anayang'ana machongi asanu ofiira aja nthawi yaitali, n'kutseka. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, koma onse anandithawa. Ndinangoti pepa, liwu limodzi, lomwe linamveka laling'ono kwambiri pakati pa munda umenewo.

"Samu yachitatu ija unaimva?" anafunsa.

Ndinati eya.

"Ukunama."

Anathyola kamtengo, anakhala pansi, n'kujambula mtengo ndi mthunzi wake padothi louma lija. Ndinalira mpaka mamina, iye akudikira kuti ndimalize kuti apitirize.

Aphunzitsi a masamu anapitako kawiri pa njinga yawo kukachonderera, koma sizinatheke. Mpunga womwe unatsala sunakwane, ndipo mnzanga anayamba kugwira maganyu owokera m'maploti a ena. Amadamu atamva nkhani yonse, nyanga inasowa pa sukulu kwa sabata zitatu. Kenako inabwerera, poti anthu anali atayamba kulankhula Chitumbuka ngakhale pa asembule.

Ine ndinkapita ku Hara Loweruka lililonse mpaka mayeso a fomu folo. Poyamba ndinkati ndikum'pititsira zomwe taphunzira kuti asatsalire, akadzabwerera. Patapita miyezi tonse tinadziwa kuti sabwerera, koma sindinasiye kupita, ndipo iye sanandiletse. Ankawerenga notsi zanga zokongola zija kamodzi, n'kumvetsa zomwe ine wokhala m'kalasi sindinamve, n'kundiphunzitsa pansi pa mtengo wa bwemba, ang'ono ake akutisuzumira. Za nyanga sitinazitchulepo. Masamu ndinakhoza, ndipo ndinakhoza bwino moti aphunzitsi aja ataona zotsatira anavula magalasi n'kuwapukuta. Tonse awiri tinkadziwa mwini wake wa malikisi amenewo.

Papita zaka zambiri. Ndinapita ku koleji, ndinakwatiwa, ndinaphunzitsa kumwera, n'kubwereranso kwathu kuno. Ndine mphunzitsi wa Chizungu pa sukulu yomwe ija, ndipo ambulera ndili nayo, ngakhale thukuta limandituluka ngati wina aliyense. Masiku amenewo ndimawasowa, ndisabise. Ndimasowa mitu isanu ndi umodzi pa buku limodzi, fungo la choko ndi fumbi, nsapato yoyasama ija, mango ndi mchere kutsidya kwa msewu. Koposa zonse ndimasowa chigongono chija chondigunda m'nthiti. Mnzanga anakwatiwa ku Hara komweko. Ndinkamva kuti ndi iye amene amakonza ndondomeko yogawa madzi kumbali yawo ya sikimu, ndipo amaisunga m'mutu, popanda pepala. Tinkaonana pa maliro ndi pa maukwati, kupatsana moni wautali, kufunsana za ana, osapitirira apo.

Chaka chatha, sabata yoyamba ya teremu, ndili mu ofesi ya aphunzitsi, anandiuza kuti pali mayi akundifuna panja. Anali iye, atanenepako, dengu m'manja, pambali pake pali mtsikana wamfupi wamapewa otambalala, yunifomu yatsopano yofika m'akakolo. Mwanayo anali atasankhidwa kudzayamba fomu wanu pa sukulu yathu.

"Amadamu," anatero, "ndabweretsa mwana wanu."

Ulemu umenewo unandibaya. Ndinati asanditchule choncho, ndine yemwe uja. Anangomwetulira.

"Masamu amawadziwa kuposa ine. Koma pakamwa ndi ine ndemwe." Kenako anandifunsa, "Kodi nyanga ija mudakali nayo?"

Ndinayankha msanga kuti pa sukulu pano palibe nyanga. Anandiyang'ana momwe ankandiyang'anira ndikanama kuti ndamva.

"Nanga pali chiyani?"

Ndinalowa mu ofesi n'kutsegula dirowa yanga. Munali kachikatoni komwe ndimaveka ana ogwidwa asakulankhula Chizungu, kodula bwino, kachingwe kake kabuluu, kolembedwa ndi dzanja langa lokongola lija. Sikankanunkha, ndipo kwa zaka zonsezi ndinkadziuza kuti pamenepo pali kusiyana. Ndinatuluka nako n'kum'patsa. Anakatembenuza uku ndi uku, anawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera, kenako anakaika m'dengu, pansi pa kathumba ka mpunga komwe anandibweretsera. Mpungawo anandipatsa, kachikatoni anatsala nako.

Anakonza kolala ya mwana wake, n'kum'kankhira pang'ono kwa ine. Atayenda masitepe angapo anatembenuka, ndipo ulendo uno sananditchule amadamu.

"Iwe, Lachinayi asamathamangire kunyumba ameneyo. Madzi ndimatsegula ndekha."